Mwanabere Wosapweteka Tisamuderere

Inu amene mumatimvera kuchokera ku Dómuè, ku Tsangano, ku Biriwiri, mpakanso abale athu a tsidya lina la msewu ku Lizulu ndi ku Dedza, ndiyambe ndi kupepesa. Nkhani ya ulendo uno ndi ya kumaliseche kwa abambo, ndipo ine amene ndikulemba ndine mwana. Pamwambo wathu sindinayenere kutsegula pakamwa pa nkhani yotere. Pa wailesi ndalephera kuinena bwino chifukwa nthawi imene timaulutsa za umoyo ana amakhala ali pomwepo pamphasa, apongozi nawonso ali chapafupi. Tsono ndaona kuti ndiilembe m'kapepala kathu kano, kuti aliyense awerenge payekha, kapena amuwerengere munthu amene amamukhulupirira.

Matenda ake ndi khansa ya chida cha abambo. Pa mapepala a kuchipatala amalemba m'Chipwitikizi kuti cancro do pénis. Si matenda ofala ngati malungo kapena chifuwa chachikulu, mwina m'mudzi mwanu zingathe zaka zambiri osamva kuti wina akudwala. Koma ine ndinawaona ndi maso anga pa amalume anga, ndipo pa imfa yawo ndili ndi mlandu wanga umene ndikufuna kuulula pano.

Amalume anali mlimi wa mbatata ya kachewere ndi fodya, munthu wamphamvu wa zaka za m'ma 50, wosuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Sanadulidwe, monga m'mene alili abambo ambiri kuno kwathu, ndipo pambuyo pake tinadzamva kuti khungu lawo lakutsogolo linali lothina, losabwerera m'mbuyo, kotero kuti posamba samatha kutsuka m'kati. M'menemo ndi mmene munayambira kachilonda. Anakhala nako pafupifupi chaka chathunthu osauza munthu. Anagula makapisozi pamsika wa pamalire, anapita kwa sing'anga, anabayitsa jakisoni wa chindoko kawiri konse. Akazi awo anayamba kuwaganizira zachimasomaso, pakhomo panalowa mkangano, ndipo zimenezi zinangowachititsa kubisa kwambiri. Chinawaulula ndi fungo.

Titapita nawo kuchipatala chachikulu, madokotala anadula kachidutswa ka chilondacho kukayeza, zimene amazitcha biópsia. Zotsatira zinabwera kuti ndi khansa, ndipo anawadula mbali ya kutsogolo kwa chida. Koma adokotala atagwira m'mphechepeche mwa kumanzere anapezamo mwanabere mmodzi wolimba, kukula kwake ngati mtedza, wosapweteka ngakhale pang'ono. Amalume Chipwitikizi ankangomva cha moni ndi cha pamsika, tsono womasulira ndinali ine. Tisanalowe m'chipindamo akuluakulu a pabanja anandikokera pambali. "Mwana iwe, zoopsa usawauze amalume ako. Wodwala akamva za khansa amataya mtima." Adokotala ananena momveka bwino kuti khansayo ikuoneka kuti yafika m'mwanabere, ndipo abwerenso pakangotha masabata ochepa kuti adzachite opaleshoni yachiwiri ya m'mphechepeche, asachedwe. Ine ndinamasulira kuti chilonda chachotsedwa, kwangotsala kamwanabere kakang'ono, mudzabwerenso kuti adzakaone. Amalume anandiyang'ana nati, "Mphwanga, ndiye kuti zatha?" Ndinayankha kuti, "Eya amalume, zatha."

Anabwerera kumudzi. Inali nthawi yokolola, kenako yosankha fodya, kenako ndalama ya galimoto inapita ku feteleza. Mwanabere samapweteka, nanga akanathamangiranji? Ine ndinawakumbutsa kawiri kapena katatu, koma mopanda mphamvu, chifukwa kuti ndilimbikire ndikanayenera kuvomera kuti ndinawanamiza. Anabwerera kuchipatala patatha miyezi 7, mvula itayamba. Apa zotupa zinali mbali zonse ziwiri, cha kumanzere chitauma gwa ngati mwala, chosasuntha, khungu layamba kung'ambika. Mpeni sukanathandizanso. Chimanga chimene anadzala chaka chimenecho anakolola ndi ena.

Maliro atatha ndinayamba kufunsa kwa azaumoyo amene timawaitana pa wailesi, ndi kuwerenga zimene ndinatha kupeza. Zimene ndinamva ndi zimene zandichititsa kulemba.

Mwanabere tonse timamudziwa. Ukapunthwa chala chakuphazi n'kutukusira, m'mphechepeche mumatupa. Ukadwala zilonda zakukhosi, m'khosi mumatupa. Anabere ndi tinthu tating'ono tonga nyemba timene tili m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche ndi m'kati mwa thupi, ndipo ntchito yawo ndi kusefa timadzi timene timayenda m'thupi kuti zoipa zisapitirire. Pa pepala la kuchipatala mukaona mawu akuti gânglios, akunena anabere. Ife a pamalire chipata timachidziwa. Kale galimoto yochokera ku Tete ikafuna kulowa m'Malawi inkayamba yaima ku Calómuè, kenako n'kukaimanso ku Dedza. Khansa imeneyi imayendanso chimodzimodzi. Ikachoka pachida, chipata choyamba ndi anabere a m'mphechepeche. Chachiwiri ndi anabere a m'kati mwa chiuno, kufupi ndi chikhodzodzo, amene dzanja silingawakhudze. Ikadutsa pamenepo ndiye imakafika m'mapapo, m'chiwindi kapena m'mafupa. Kusiyana kwake ndi ife n'kwakuti khansayi kawirikawiri siidziwa tinjira tachidule timene timadutsa ndi njinga kuzemba chipata. Imaima ndithu pachipata choyamba, ndipo pamenepo imatha kugwidwa.

Pachifukwa ichi, madokotala amati chimene chimalamula kwambiri ngati munthu akhale ndi moyo kapena ayi si kukula kwa chilonda cha pachida, koma m'mene alili anabere. Amawerenga zinthu zinayi: anabere angati ali ndi khansa, ali mbali imodzi kapena zonse ziwiri, kodi khansayo yaboola kakhungu kokuta mwanabere n'kufalikira m'mnofu, ndiponso kodi yafika m'chiuno.

Ku America, kumene amalemba bwino za odwala awo, mwa amuna 10 alionse amene khansa imapezeka ikadali pachida pokha, pafupifupi 8 amakhala akadali moyo patatha zaka 5. Ikakhala itafika m'malo oyandikana nawo monga m'mphechepeche, amatsala pafupifupi 5. Ikafika kutali monga m'mapapo, amatsala pafupifupi mmodzi. Koma mawu akuti "yafika m'mwanabere" akubisa kusiyana kwakukulu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti mumvetsetse. Pachipatala cha khansa cha ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, analondoloza amuna 156 amene khansa inali itafika kale m'anabere, ndipo analengeza zotsatira mu 2010. Mwa amene khansa inali isanaboole kakhungu ka mwanabere, pafupifupi 8 mwa 10 anapulumuka zaka 5. Mwa amene inali itaboola, anapulumuka pafupifupi 4 mwa 10. Mwa amene inali itafika m'chiuno, pafupifupi 2 mwa 10 okha. Ndiye kuti munthu wa mwanabere mmodzi kapena awiri mbali imodzi, akachotsedwa msanga, mwayi wake ndi waukulu ndithu. Akakwana atatu kapena kuposerapo, kapena akagwira mbali zonse ziwiri, mwayi uja umatsika kuyandikira theka.

Ziwerengero zimenezi ndi za kumaiko kumene chipatala chili pafupi ndipo zipangizo zonse zilipo. Kuno kwathu, kumene kuchoka ku Ulónguè kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo zina zimafuna ku Beira kapena ku Maputo, sitingayembekeze kufanana nawo. Komabe phunziro lake ndi lomwelo. Tsiku lija ndinamasulira bodza, amalume anali ndi mwanabere mmodzi wosuntha, mbali imodzi. Mwina anali m'gulu la 8 mwa 10. Patatha miyezi 7 anali atatsikira m'gulu lomaliza. Khansa sinasinthe mtundu, chinasintha ndi nthawi.

Za nthawiyi pali umboni winanso wochokera pachipatala chomwecho cha ku Amsterdam, wa mu 2005. Anayerekeza magulu awiri a amuna, onse pamodzi 40. Ena anawachotsa anabere msanga, khansa ikadali yaing'ono kwambiri moti dzanja silinkamva chotupa chilichonse. Ena anawadikira mpaka chotupa chitaonekera. Patatha zaka 3, m'gulu loyamba munapulumuka 84 pa 100 alionse, m'gulu lodikira 35 okha. Tamvani bwino abambo: ngakhale m'mphechepeche musanatupe, mwa amuna 4 kapena 5 alionse odwala khansayi mmodzi amakhala kuti mbewu zake zafika kale m'mwanabere mosaoneka. N'chifukwa chake dokotala angathe kukuuzani kuti akufuna kung'amba m'mphechepeche pamene inu simukumva kalikonse. Sikuti akufuna kuphunzirira pathupi panu, monga m'mene timanenera kumowa. Dokotala wina wa ku Paraguay, Ramón Cabañas, anasonyeza mu 1977 kuti pali mwanabere amene amayamba kulandira khansayi ena onse asanalandire, ngati mlonda wa pachipata. Zipatala zokhala ndi zipangizo zimafufuza mlondayo n'kumuyeza yekha. Kumene zipangizozo kulibe, njira ndi kuchotsa anabere a m'mphechepeche n'kukawayeza onse.

Kale madokotala nawonso ankadikira. Munthu akabwera ndi khansayi ndi mwanabere wotupa, ankamupatsa mankhwala opha tizilombo kwa masabata 4 mpaka 6, poganiza kuti mwina kutupako kukuchokera ku mafinya a pachilonda. Masiku ano njira imeneyi anaisiya. Malangizo amene mabungwe a madokotala a ku Ulaya ndi ku America anatulutsa limodzi mu 2023 akuti mwanabere wotupa ayezedwe msanga pomubaya ndi kasingano kotenga timadzi kapena kachidutswa, ndipo nkhani ya anabere ikhale itakonzedwa pasanathe miyezi 3 chipezekereni matendawa. Miyezi 3, abale anga. Kwa mlimi ndi nthawi yochokera pa kudzala kufika pa chimanga chachiwisi basi.

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena sakondwa nawo. Mwambo wathu wobisira wodwala matenda ake, pa khansa iyi, ukupha anthu. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene ayenera kugulitsa mbuzi kuti apeze ya galimoto ndi mwini thupi. Amene ayenera kusiya fodya m'chigafa n'kunyamuka ndi mwini thupi. Amene ayenera kuvomera mpeni kachiwiri, bala loyamba lisanaiwalike, ndi mwini thupi yemweyo. Nanga adzatsekula bwanji chitseko ngati ife tamuuza kuti m'mimba mwake muli bwino?

Akuluakulu amene anandikokera pambali sanali anthu oipa, ndipo mfundo yawo siyopanda nzeru. Tonse tinaonapo munthu amene atamva mawu akuti khansa analeka kudya, n'kumangoyang'ana kudenga. Tinaonanso ena amene atamva anagulitsa ng'ombe zonse n'kumazungulira kwa alosi. Mantha amenewa ndi oona. Koma taonani chimene chimamugwetsa munthu. Si choonadi chonse ayi, ndi theka lake. Kwathu kuno mawu akuti khansa amamveka ngati akuti bokosi, chifukwa ambiri amene tinawaona anafika kuchipatala mochedwa. Munthu akangouzidwa kuti "muli ndi khansa, yafalikira," ndiye kuti wauzidwa theka loipa lokha. Ndikanawauza amalume kuti khansa yafika m'mwanabere mmodzi, ndipo mwa anthu 10 otere amene amachitidwa opaleshoni msanga ambiri amakhala moyo, koma odikira ambiri amafa, sindikhulupirira kuti akanataya mtima. Anali munthu wodziwa kuwerengera. Ankadziwa kuti kachewere ukachedwa kumupopera mankhwala chiwawu chikalowa, munda wonse umapsa m'masiku ochepa. Chilankhulo chimenecho akanachimva.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena, ngakhale chikukhudza azaumoyo amene ndi abwenzi athu pa wailesi. Si bwino kuti nkhani yolemera chonchi idutse m'kamwa mwa mwana wa m'banjamo. Mphwake wa munthu sangathe kuyang'ana amalume ake m'maso n'kuwauza za kumaliseche kwawo ndi za imfa yawo pa nthawi imodzi. Adzafewetsa basi, monga ndinachitira ine. Pachipatala chilichonse cha dera lino pali anamwino kapena antchito ena olankhula chinenero chathu. Dokotala amene salankhula Chinyanja aitane mmodzi wa iwo, ndipo pomaliza amufunse wodwalayo kuti abwereze yekha zimene wamva. Inunso odwala muli ndi ufulu wopempha zimenezi.

Sindikufuna kukunamizani kachiwiri, tsono ndinene kuti opaleshoni ya m'mphechepeche si yamasewera. Bala lake limachedwa kupola ndipo nthawi zina limatukusira. Munthu amakhala ndi kapaipi kotulutsa madzi kwa masiku angapo, ena masabata. Ambiri mwendo umatupa pambuyo pake, chifukwa njira za timadzi tija zadulidwa, ndipo kwa ena kutupako kumakhala kwa moyo wonse. Kwa mlimi wa khasu chimenechi si chinthu chaching'ono. Koma mwendo wotupa amaumanga ndi bandeji, amauika pamwamba pogona, amausamala kuti usavulale, ndipo munthu amayenda nawo mpaka kudimba. Ine ndikanakonda amalume anga a mwendo wotupa.

Mantha aakulu a abambo timawadziwa, ndi akuti akandidula. Inde, zimachitika. Koma kukula kwa chimene adule kumatsatira kuchedwa kwanu. Kachilonda kakapezeka koyambirira, nthawi zina mdulidwe wokha umakwanira, kapena kuchotsa kachigawo kakang'ono. Amene wadulidwa mbali amatha kutaya madzi ataimirira, ndipo ena amathanso kukhala malo amodzi ndi akazi awo. Amene wadulidwa chonse amamupangira njira ya mkodzo kunsi, amataya madzi atakhala pansi. Machende kawirikawiri sawachotsa, kotero mawu, ndevu ndi mphamvu za ntchito zimakhala momwemo. Chimene chimandipweteka n'chakuti amalume anavomera chovuta chija, chimene abambo ambiri amathawa, koma anafa chifukwa cha opaleshoni yachiwiri imene sanauzidwe kufunika kwake.

Nanga amene zotupa zakula kale, zauma, sizikusuntha, kapena zafika m'chiuno? Apa mwayi wachepa, koma sunathe kwa onse. Pali mankhwala a khansa a m'diripi amene amatha kuchepetsa zotupa kuti mpeni uthe kulowa. Ku Houston, m'dziko la America, anayesa njirayi pa amuna 30 otere ndipo analengeza mu 2010 kuti theka la iwo zotupa zinachepa, ndipo 9 anali akadali moyo opanda khansa patatha zaka pafupifupi 3. Si ambiri, koma 9 ndi anthu. Palinso chithandizo chowotcha khansa ndi makina, chimene m'dziko lathu chinayamba mu 2019 pachipatala chachikulu cha Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Banja lililonse lidziwerengere lokha ngati lingathe, koma liwerengere pamodzi ndi mwini wake.

Ndipo ngakhale pamene madokotala anena kuti kuchiza sikuthekanso, choonadi chikadali ndi ntchito. Chotupa cha m'mphechepeche chikaphulika chimasanduka chilonda chachikulu chonunkha, chopweteka, ndipo chili pafupi ndi mtsempha waukulu wa magazi wopita kumwendo, kotero chingathe kutaya magazi ambiri mwadzidzidzi. Abale ayenera kudziwiratu zimenezi. Pali mankhwala amphamvu oletsa ululu monga morfina, pali mankhwala ochepetsa fungo, pali njira yotsukira chilonda imene anamwino angakuphunzitseni. Pemphani, musachite manyazi. Munthu wodziwa kuti masiku ake achepa amakonzanso za pakhomo pake. Amalume anamwalira akuganiza kuti akudwala chotupa wamba, osanenapo kanthu za dimba lawo, ndipo mpaka lero nkhani ya dimbalo ikadali kwa anyakwawa.

Wina afunsa kuti, kodi mwanabere aliyense wa m'mphechepeche ndi khansa? Ayi, kutalitali. Ambiri amabwera chifukwa cha bala la kuphazi, mabomu, chindoko, chifuwa chachikulu, kapena kachirombo ka HIV, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo chake. Mabomu amabwera msanga, amatentha, amapweteka, amachita mafinya. Kachilonda ka chindoko sikapweteka, koma kamapola pakatha masabata ochepa. Chimene muyenera kuchiopa ndi chilonda, njerewere yokula, kapena malo olimba pachida, makamaka kumutu kwake kapena m'kati mwa khungu lakutsogolo, amene sakupola patatha mwezi mutalandira mankhwala. Chinanso ndi magazi kapena madzi onunkha ochokera m'kati mwa khungu losabwerera. Zimenezi zikaphatikana ndi mwanabere wolimba, wokula pang'onopang'ono, wosapweteka, musagulenso kapisozi wina. Ife timayesa kukula kwa matenda ndi ululu wake, ndipo apa ndi pamene khansayi imatipusitsira. Kawirikawiri imagwira abambo opitirira zaka 50, koma achinyamata nawonso imawapeza, makamaka amene ali ndi HIV. Amene muli pa ma ARV musasiye, chifukwa thupi lofooka silipirira opaleshoni kapena mankhwala a khansa.

Mukapita kuchipatala, vulani. Ndikunena chonchi chifukwa abambo ambiri amangofotokoza ndi pakamwa kuti ndili ndi kachilonda kumusi, n'kulandira jakisoni wa matenda opatsirana pogonana popanda amene waona. Amalume anabayitsa kawiri motero. Ngati amene mwamupeza ndi mayi ndipo mukuchita manyazi, pemphani wamwamuna. Kwa inu azaumoyo a m'zipatala zazing'ono, munthu akabwera kachiwiri ndi chilonda chomwecho, chonde muoneni ndi maso, mugwireni m'mphechepeche mbali zonse, ndipo mulembereni kalata yopita kuchipatala chachikulu. Abale amene mumadutsa malire kukalandira chithandizo ku Dedza kapena ku Ntcheu, sungani mapepala anu onse a mbali zonse ziwiri m'thumba limodzi, kuti dokotala wa uku asayambirenso zimene wa uko anachita kale. Kuyambiranso kumadya masabata, ndipo masabatawo ndi amene tikulimbirana.

Kwa asing'anga athu, a bungwe la AMETRAMO ndi ena onse, mawu anga ndi aulemu. Abambo amavula kwa inu asanavule kwa wina aliyense, kotero inu ndi amene mumayamba kuona. Chotupa cholimba cha m'mphechepeche musachitemere mphini, musachiboole, musachiwotche. Khungu likang'ambika pamenepo silipolanso. Mutumizeni munthuyo tsiku lomwelo.

Amayi, chilonda chotere si umboni woti amuna anu anayenda dzulo. Khansa yeniyeniyo sipatsirana. Mbali ina ya khansa imeneyi imayamba ndi kachirombo ka HPV, kamene kamapatsirana pogonana koma kamatha kukhala m'thupi zaka zambirimbiri kasanachite kanthu, ndipo anthu ambiri anakumana nako osadziwa. Mbali ina imayamba popanda kachiromboka, chifukwa cha khungu lothina, litsiro lokhalitsa m'kati ndi fodya. Mkangano wa pakhomo unawonjezera miyezi pa kubisa kwa amalume. Kachirombo komweka ndi kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, tsono amuna anu akapezeka ndi matendawa inunso kayezetseni. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lathu mu 2021, ndipo ku Malawi mu 2019. Ana anu asaphonye. Za mdulidwe tinanena kambiri pa wailesi chifukwa cha Edzi. Pa khansa iyi umateteza kwambiri ukachitika munthu akadali mwana, ndipo bambo aliyense amene khungu lake silibwerera m'mbuyo apite akamuone kuchipatala ngakhale palibe chilonda.

Amene mwachitidwa kale opaleshoni, musaphonye masiku obwereranso. Khansayi ikafuna kubwerera, kawirikawiri imabwerera m'zaka 2 zoyambirira, ndipo malo ake ndi pachida pomwepo kapena m'mphechepeche momwemo. Muzidzigwira nokha posamba, mbali zonse ziwiri, ndipo mukamva kanthu kolimba musadikire tsiku limene anakulemberani.

Ngati muli ndi pepala la kuchipatala limene simukulimva, pitani nalo kwa namwino wolankhula chinenero chathu ndipo mumufunse mosazungulira: kodi yafika m'mwanabere, anabere angati, mbali imodzi kapena zonse, ndipo ndibwere liti? Tsiku limene akuuzeni mulilembe pakhoma. Mukasowa wokuwerengerani, bwerani nalo ku wailesi. Tidzakhala awiri kuseri kwa nyumba yathu yaing'onoyi, ndidzakuwerengerani mawu onse monga m'mene alembedwera, kenako ndidzakuperekezani kwa namwino kuti akufotokozereni zotsala.